Mtengo wa lita imodzi ku Wenya

Mathankala a mafuta sachedwa pa Karonga. Amalowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe atayenda masiku angapo kuchokera ku doko la Dar es Salaam, amazungulira pa raundabauti, n'kuloza kumwera, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Munthu amene akudikira minibasi ya ku Chitipa angawawerenge mpaka kutopa, koma okhotera kumadzulo kumene iye akupita ndi apatalipatali. Mlendo wa nkhani ino, bambo wa ku Lilongwe amene ankapita kwa apongozi ake ku Wenya m'mwezi wa Okutobala, anaona zimenezi ali pampando wakumbuyo, thumba la shuga ndi sopo lili pamiyendo, minibasi ikukana kudzaza.

Dontho lililonse la petulo ndi dizilo amene Amalawi amagwiritsa ntchito limadzera m'madoko a eni monga Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Lathu ndi ka ethanol kokha kochokera ku nzimbe, komwe kampani ya Ethco ku Dwangwa yakhala ikutcheza kuyambira 1982, ndi PressCane ku Chikwawa, n'kumakasakaniza ndi petulo. Zotsalazo zimalipiridwa ndi madola, ndipo ndalama za fodya za chaka chathunthu sizikwanira kugula mafuta a chaka chomwecho. Kampani ya boma ya NOCMA ili ndi nkhokwe zosunga malita 60 miliyoni ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, koma nkhokwe yopanda madola oidzazira ndi chitsulo chabe. Anthu a kumpoto saiwala za pa 20 Julaye 2011, pomwe kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali m'gulu la zinthu zomwe zinatulutsa anthu m'misewu, ndipo ena anafa ku Mzuzu ndi ku Karonga komweko.

Msewu wa Karonga–Chitipa, wa makilomita pafupifupi 100, unathiridwa phula ndi thandizo la dziko la China, ndipo okalamba amaukumbukirabe mmene unalili kale, pomwe ulendo womwewu unkatha tsiku. Umakwera mokhotakhota kuchoka m'dambo lotentha la mpunga kulowa m'mapiri. Chapakati pa ulendo pali mphambano ya ku Kayelekera, ndipo apa ndi pomwe dalaivala anatembenuka kuloza ndi mlomo. Kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodi wa yureniyamu pamenepa mu 2009, n'kuutseka mu 2014 mitengo itagwa kutsatira ngozi ya ku Fukushima ku Japan. Lotus Resources, nayonso ya ku Australia, inautenga mu 2020 n'kuyambiranso kukumba mu 2025. Yureniyamu wa ku Kayelekera amakaunikira mizinda ya kutsidya kwa nyanja. Koma m'zaka zonse za Paladin, mgodiwo unkayendera majenereta a dizilo, ndipo dizilowo ankabwera pa thankala monga wina aliyense. Midzi yozungulira inkagona mumdima ikuona kuwala kwa mgodi paphiri.

Mawaya amene amatsagana ndi msewuwu ndi ulusi womaliza wa chinthu chomwe chinalukidwira kutali kwambiri. Pafupifupi magetsi onse a m'madzi a dziko lino amaphikidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makilomita mazanamazana kumwera. Kumpoto kuli Wovwe yekha, kasiteshoni ka mu 1995 pa mtsinje wotsika ku Nyika m'boma la Karonga, komwe sikafika n'komwe mamegawati 5. Choncho mtengo ukagwera waya pa Chiweta, kapena namondwe akavuta ku Chikwawa, wa ku Chitipa amamva nawo. Zinatero mu Januwale 2022, pomwe namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi. Makinawo anadzayambanso kuzungulira mu 2023.

Pa boma la Chitipa, pomwe azungu ankapatcha Fort Hill, mlendoyo anapeza mzere wa njinga zamoto pa malo omwetsera mafuta, eni ake atakhala pamthunzi wa khonde la golosale, zipewa zili m'manja. Mafuta kunalibe, koma panali mphekesera yoti abwera. Kuseri kwa msika anali mbwee. Anyamata anali atandalika mabotolo a madzi akumwa odzaza petulo, ena ofiirira ena achikasu, ndi zigubu za malita 20 zobisidwa theka pansi pa chiguduli. Ena a mafutawo anali otuluka pa pampu usiku, ena olowa panjinga kuchokera ku Tanzania kapena ku Zambia, malinga ndi kumene mtengo wapepuka sabata imeneyo. Chitipa ndi boma la malire awiri ndi zilankhulo zambirimbiri, Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka ndi zina, ndipo wamalonda wa pano amadziwa mtengo wa shilingi ndi wa kwacha ya ku Zambia asanamwe tiyi wa m'mawa. Tunduma ndi Nakonde zili pafupi kuposa Mzuzu.

M'mashopu omwewo, pamwamba pa mabelo a kaunjika ndi mapoto, munali mutapachikidwa mapanelo a sola a misinkhu yonse, kuyambira kakang'ono ngati buku la sukulu mpaka lalikulu ngati chitseko.

Kuchoka pa boma kuloza kumwera phula silichedwa kutha. Uwu ndi msewu wopita ku Chisenga, Wenya, Nthalire, kukwera Nyika mpaka kukatulukira ku Rumphi, womwe maboma akhala akuulonjeza phula chisankho ndi chisankho. Mlendo anakwera matola, kalole ka matani atatu kodzaza feteleza, malata, makatoni a zakumwa ndi anthu okhala pamwamba pa zonsezo. Kondakitala anatchula mtengo, amayi ena anakuwa, iye anangoloza chigubu chomangidwa kuseri kwa kabini. Panalibenso wotsutsa. Aliyense ankadziwa komwe chigubucho chagulidwa.

Fumbi la Okutobala ndi lofiira ndipo limalowa mpaka m'mano. Nkhalango ya mitengo ya mombo inali itayamba kuphuka masamba ofiira, ndipo apa ndi apo panali zigamba zakuda pomwe anthu atentha nthambi kukonzekera kufesa mawere. Kudzanja lamanja mapiri a Mafinga anayamba kukula, mpaka pa Chisenga anatseka theka la thambo. Pamsana pa mapiri amenewa ndi pomwe pali malire a Malawi ndi Zambia, ndipo mvula yogwa pamenepo imagawikana pawiri. Yotsetserekera kumadzulo imayambitsa mtsinje wa Luangwa, womwe umakathira mu Zambezi kumtunda kwa damu la Cahora Bassa ku Tete. Yotsetserekera kuno imatsika m'timitsinje mpaka ku nyanja ya Malawi, n'kukatuluka mu Shire kukazunguza makina a ku Nkula. Mbali zonse ziwiri madzi a ku Mafinga amasanduka magetsi, koma amasandukira kwa eni. Waya wamkulu wolumikiza Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka, wa makilomita 218, unakonzedwa kuti Malawi azigula magetsi ku Mozambique, ndipo nawonso ngolipira ndi ndalama zakunja. Mlendoyo anaganiza zoti auze mayi amene anakhala naye pafupi kuti mvula ya kwawo imaunikira Blantyre ndi Johannesburg, koma lole inagwa m'dzenje, aliyense n'kugwira chomwe akanatha.

Madzi nawo si odalirika monga timawaonera. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka. Chaposachedwapa, m'zaka za 2016 ndi 2017, inatsikanso, kuthimathima kwa magetsi kunafika pa maola ochuluka tsiku lililonse, ndipo boma linabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko omwe anakhala kuno kuyambira 2018 mpaka 2022. Dziko losowa madola linkagula dizilo kuti liphike magetsi. Anzathu a kuseri kwa Mafinga anaziona mu 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, pomwe mabanja a ku Lusaka ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi.

Lole inafika pa Wenya dzuwa litapendeka. Kuno ndi kwa Mwenewenya, ndipo Chitumbuka ndicho chimamveka kwambiri. Apongozi aamuna anali akudikira pa sitolo. Mkamwini anavula chipewa, anawerama pang'ono n'kuwomba m'manja: "Monire, adada." Moni atatha, mafunso a ana ndi a mvula ya ku Lilongwe atayankhidwa, funso lotsatira la gogoyo linali lakuti ku boma mafuta abwera kapena ayi. Iwo alibe galimoto, alibe njinga yamoto. Ankafunsira chigayo.

M'mawa mwake mlendo anaperekeza mlamu wake kuchigayo cha m'mudzi wina wa kutali ndi msewu, komwe mapolo a magetsi sanafike. Ndi kanyumba ka njerwa zosapaka, denga la malata akuda ndi utsi. Mkati muli injini ya dizilo ya pisitoni imodzi yopangidwa ku China, yomangidwa pa zipika za mitengo, lamba wautali wolumikiza injini ndi chigayo, ndi mgolo wa madzi oziziritsa omwe amachita nthunzi ikagwira ntchito. Panja panali mzere wa ndowa ndi matumba, chilichonse chili ndi kansalu kosonyeza mwini wake, koma injini inali zii. Mwini chigayo anafotokoza kuti sangailize chifukwa cha ndowa zinayi. Amadikira zichuluke kuti dizilo wongoyatsira asapite pachabe. Chigubu chake chimabwera pa kabaza kuchokera ku boma, ndiye pa mtengo wa mavenda amawonjezapo wa njinga, ndipo wa njingayo nayenso wagula petulo wa m'botolo. Pakhoma panali mitengo yolembedwa ndi makala, itatu yofufutidwa, wachinayi uli pansi pake.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe la MERA linaika petulo pa K2,530 lita. Mtengo umenewo unali wa pa pampu. Kwa anthu a kuno unali nkhani ya pa wailesi basi, chifukwa lita ya m'botolo inkatha kuposa pamenepo kawiri kapena katatu m'masabata ovuta. Mafuta akasowa ku Lilongwe, nyuzipepala zimajambula mizere ya galimoto. Akasowa ku Wenya palibe chojambula. Amayi amangotulutsa mtondo ndi munsi zomwe anaziika kuseri kwa nkhokwe, wodwala amene akanapita kuchipatala pa njinga yamoto amanyamulidwa pa njinga yakapalasa, ndipo wogula nyemba amene amabwera ndi lole amatsitsa mtengo ponena kuti thiransipoti yakwera. Mlimi amalipira kawiri, pogula ndi pogulitsa.

Chomwe chinasintha popanda msonkhano kapena chikwangwani ndi nyali. Koloboyi wa palafini, yemwe mlendoyu anamuwerengera mabuku ali mwana mpaka mphuno kuda, sanamuone m'nyumba ina iliyonse. Kalembera wa 2018, yemwe anapeza anthu pafupifupi 235,000 m'boma la Chitipa, anasonyeza kuti m'dziko lonse mabanja oposa theka ankaunikira ndi tochi za mabatire, pomwe a magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse, ndipo kumudzi ochepa kwambiri. Kuchokera nthawi imeneyo sola yafalikira ngati moto wa lupsa. Pa madenga a udzu pali timapanelo tomangidwa ndi linya, ena amatiyanika pabwalo m'mawa n'kutilowetsa madzulo kuopa akuba ndi mbuzi.

Pafupi ndi kwa apongozi pali mnyamata amene amameta anthu ndi kutchaja mafoni. Kashopu kake n'kamatabwa. Padenga pali mapanelo awiri osafanana, mawaya amatsika pa zenera kulowa m'batire lalikulu lokhala m'kabokosi, ndipo pa batirepo pali inveta yomwe imalira ngati udzudzu. Pa shelefu pali mafoni oposa khumi, iliyonse yomatidwa kapepala ka dzina. Masana shopu imakhala pikitipikiti, wailesi ili pamwamba, makina ometera akulira. Ikamakwana 7 koloko madzulo inveta imayamba kudandaula, ndipo iye amazula mafoni a anthu odziwana nawo kuti a alendo adzaze. Vuto si dzuwa, lomwe kuno limawala mokwanira ngakhale m'miyezi yozizira. Vuto ndi batire. Limeneli ndi lachitatu chiyambire bizinesiyo. Anagula loyamba ndi lachiwiri popanda kachipangizo koletsa kutchaja mopitirira, ndipo anawakama mpaka kuuma usiku uliwonse. Anadandaulanso za mapanelo ena a pamsika omwe amalembedwa mawati ambiri koma opereka theka. Batire latsopano analifunsa ku Tunduma, ndipo mtengo wake uli m'mashilingi.

Apa ndi pomwe okamba za mphamvu ya dzuwa m'mahotela a ku Lilongwe amadumpha. Dzuwa ndi lathu, inde, koma panelo, batire, inveta, waya ndi babu, zonse zimatsika pa sitima ku Dar es Salaam komwe kumatsika dizilo, ndipo zambiri zimachokera ku China. Sola sinamasule Wenya ku madola. Chomwe yachita n'chakuti wometa uja amagwada kwa ndalama zakunja kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri, pomwe wa chigayo amagwada sabata iliyonse. Kusiyana kumeneko si kwapang'ono. Thankala likachedwa pa Songwe, chigayo chimaima mawa lake, koma mafoni amatchajidwabe, furiji ya katemera yoyendera dzuwa imazizirabe, ndipo mwana wa Sitandade 8 amawerengabe.

Palinso nyali za ngongole, zomwe makampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi Vitalite amagulitsa m'midzi ya dziko lino. Munthu amapereka kangachepe, n'kumalipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo akalephera nyaliyo imadzitseka yokha. Zipangizo zake n'zolimba kuposa za pamsika. Koma ndalama ya mlimi wa kuno imabwera kamodzi, akagulitsa nyemba, chimanga kapena ng'ombe, pomwe ngongoleyo imafuna yake mwezi ndi mwezi, Febuluwale yemwe, pomwe ndalama iliyonse ikuthamangira ufa.

Minda ikuluikulu ya mapanelo ilipo, ndipo si yoseka. Ku Nanjoka m'boma la Salima kampani ya JCM inayamba kupereka mamegawati 60 mu 2021, ku Golomoti mamegawati 20 ndi mabatire ake mu 2022, ku Nkhotakota kampani ya Serengeti Energy mamegawati 21. Namondwe wa Ana atagwetsa Kapichira, Salima ndiyo inkapepuza masana. Pa Shire pakukonzedwa damu lina la Mpatamanga la mamegawati oposa 350, lomwe Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomera kuthandiza mu 2025. Zonsezi zimathira m'mawaya a ESCOM, choncho zimafika kwa yekhayo amene waya unamufika. Wokoka mawaya kumudzi ndi pulogalamu ya MAREP, yomwe yaimika mapolo m'malo ambiri amalonda, ndipo gawo la ndalama zake limachokera ku msonkho wa pa lita ya mafuta. Ndiye kuti wa kabaza wa ku Wenya, akagula petulo wotuluka pa pampu ya m'dziko muno, amasonkhera nawo thiransifoma yomwe mwina idzaima m'mudzi wa wina. Ndipo mafuta akasowa, thumba lokokera magetsi nalonso limaphwa.

Kukhitchini kwa apongozi aakazi nkhani zonsezi sizinafikeko. Mafuwa atatu, nkhuni za mombo, utsi wotuluka m'denga. Mphamvu yeniyeni imene imayendetsa Wenya, ndi Malawi yense, ndi mtolo wa pamutu, ndipo ndi yokhayo yosafuna dola. Mayiwo anati kale nkhuni ankatola kuseri kwa nyumba, lero atsikana amanyamuka mbandakucha kuloza kuphiri. M'mbali mwa msewu muli matumba a makala oimikidwa kudikira malole. Mitengo imeneyo ndi yomwe imagwira madzi a timitsinje totsika ku Mafinga ndi ku Nyika, ndipo dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo ndi lomwe limakwirira madamu, monga momwe a EGENCO amavutikira kukumba matope pa Nkula.

Mlendoyo anayenda tsiku lina kukaona kamtsinje komwe sikaphwa ngakhale mu Okutobala, kotsika pamiyala ndi liwiro loti mwana sangaimemo. Madzi otere anawagwirapo ntchito ena. A mishoni ya Livingstonia, m'nthawi ya Dr Robert Laws, anayatsa magetsi a m'madzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, tauni zambiri za m'dziko muno zisanawaone. Ku Bondo m'boma la Mulanje, kampani ya MEGA imapatutsa madzi a mtsinje wa Lichenya n'kuunikira midzi, sukulu ndi chipatala pa mawaya akeake. Kwa Sitolo ku Mchinji kuli mawaya otere oyendera dzuwa. Makina a mtundu umenewu ndi omwe angalize chigayo, chowotcherera zitsulo kapena pampu yothirira, zomwe kapanelo ka padenga sikangathe. Amafuna ndalama zambiri poyamba, munthu wodziwa kukonza wokhala pomwepo, ndi makasitomala olipira mwezi uliwonse. Chachitatuchi n'chimene chimavuta kwambiri m'dera lomwe nyumba zake zili patalipatali. Kumpoto kwa boma la Chitipa, damu la pa mtsinje wa Songwe loti Malawi ndi Tanzania azigawana mamegawati 180 lakhala pa mapepala kwa zaka zambiri.

Pobwerera, mlendo anafuna kudzera ku Nthalire kuti akatulukire ku Rumphi. Galimoto ya njira imeneyo sinaoneke, choncho anakambirana ndi wa kabaza. Mnyamatayo anatsegula thanki, anasuzumiramo, anagwedeza njinga kuti amve kulira kwa mafuta, kenako anatchula mtengo wa ulendo wopita ndi wobwerera, poti ku Nthalire sakadziwa ngati akapeza wokwera kapena botolo. Apongozi analowererapo, akumutchula mnyamatayo ndi dzina la bambo ake, ndipo mtengo unatsika pang'ono. Anagwirizana kuti mlendo agule yekha mabotolo awiri pa sitolo, limodzi athire pomwepo, linalo alinyamule m'chikwama pamodzi ndi nyemba zomwe anamupatsa.